Tsiku Limene Mkamwini Anawoloka Mtsinje

Amayi atatu okha ndi amene analowa m'tenti tsiku lonselo. Ndipo mmodzi mwa atatuwo sanabwerere zoyezetsa ayi, ankangofuna mankhwala a dzino.

Wenceslaus Nkhoma anaima pakhomo pa tentiyo dzuwa litapendeka, chimkuzamawu chili lende paphewa, akuyang'ana doko la ku Chanyanya ngati munthu amene basi yamusiya. Anthu analipo, osati pang'ono. Mabwato ankakocheza, amalonda ankamangirira madengu a nsomba panjinga zawo, utsi wa nsomba zowamba unali tolo. Koma mzimayi aliyense akayandikira tenti ija ankalambalala, maso ali kumbali.

Wenceslaus ankagwira ntchito yophunzitsa anthu zaumoyo pa kiliniki ina m'tauni ya Kafue. Anali mnyamata wabwino mtima, pamenepo tisamunamizire. Anakulira ku Kafue Estates m'banja la Chikatolika limene agogo ake anachokera ku Malawi kalekale. Vuto lake linali limodzi: sukulu inamulowa bwino, ndiye ankaganiza kuti chinthu chikakhala choona chiyenera kunenedwa mokweza.

Ndi mmene anachitira Lolemba la sabata imeneyo. Anapatsidwa ntchito yoitanira amayi a ku Chanyanya kuti adzayezetse khansa ya khomo la chiberekero. Iye anasankha m'mamawa, nthawi imene padoko pamadzaza anthu. Anakwera pa bwato logadabuzika, natambasula chithunzi chachikulu ngati chitseko chosonyeza m'kati mwa thupi la mzimayi, nayatsa chimkuzamawu. Anatchula ziwalo zonse ndi mayina ake monga zinalembedwera m'buku. Anatchula za kutaya magazi, za fungo, za kupweteka pogona ndi mwamuna, zonsezo pamaso pa asodzi, ana a sukulu ndi agogo omwe.

Anyamata anaseka mpaka kugwira m'mimba. Amayi anawerama n'kumapala mamba a nsomba zimene anali atapala kale. Ndipo mayi mmodzi wamtali, woonda, anasiya beseni lake la nsomba pomwepo, nafunda chitenje kumutu, n'kuchoka osacheuka.

Mayi ameneyo anali Elsie, amene onse ankawatcha bana Lushomo, kutanthauza mayi ake a Lushomo. Anali apongozi ake a Wenceslaus, mayi wobereka mkazi wake Lushomo.

Musaganize kuti mnyamatayu mwambo sankaudziwa. Zaka zitatu za ukwati sanadyepo m'mbale imodzi ndi apongozi akewo, sanawayang'anepo m'maso. Akakumana panjira ankapatuka, n'kunjuta chapatali, n'kuwomba m'manja. Koma akavala malaya oyera a kuntchito ankadziuza kuti ukamwini wausiya kunyumba pamodzi ndi masilipasi. Anawaona apongozi ake akuchoka, koma anapitiriza kulankhula.

Tsopano linali Lachinayi, ndipo zotsatira zake zinali amayi atatu aja.

Pobwerera ku Kafue, galimoto ikudumpha m'mabampu a msewu wafumbi, dalaivala wawo Boyd anayesa kumutonthoza.

"Ba Wence, osazivuta," anatero Boyd. "Aba bantu ba kumulonga ni so chabe. Olo ubapase vaulele, sibafuna. Lembani mu lipoti ati bantu banakana, kwasila. Olo mubwele na masipika yabili yakulu, mubayofye ati bazafa bonse. Muntu amamvela akayopa."

Wenceslaus anagwedeza mutu. Mawuwo anamukomera, chifukwa ankachotsa mlandu pa iye.

Kumbuyo kunakhala Sisitala Joyce, namwino wachikulire amene anabadwitsa theka la ana a m'tauniyo. Iwo ndi amene anakhala m'tenti tsiku lonse, zipangizo zili chile, akudikira anthu osabwera. Galimoto itafika pa msewu wa phula, anasendera kutsogolo.

"Wence, mwana wanga," anatero pamapeto pake, "pamene unapanga iyi pulogilamu, unafunsa ndani?"

"Ninafunsa ku ofesi, ba Sisitala."

"Ku ofesi kuli wamene agulisa nsomba?"



"Naine nili na mulandu," anapitiriza Sisitala Joyce. "Ninakusiya weka chifukwa ninali na bazimai ba mimba. Lipoti usalembe lelo. Gona nayo."

Atafika kunyumba anapeza mkazi wake Lushomo atakhala pakhonde, mwana wawo Jasmine ali kumsana, mbaula ili zii. Lushomo anali mkazi wansangala, woti mwamuna wake asanatsegule geti iye wayamba kale nkhani. Tsiku limenelo sanamulandire n'chikwama chomwe.

"Bashi Jasmine, nkalani pansi," anatero.

Wenceslaus anakhala pa sitepe.

"Vamene nizakamba, simunamvele kuli ine. Ba mami badwala. Kuchokela pa Isitala bataya magazi, koma kumwezi banaleka kudala, nikali pa sukulu. Babisa. Ine ninaziba chifukwa ninabapeza bachapa nyula za magazi kuseni-seni, kumbuyo kwa nyumba."

Kenaka Lushomo anapitiriza.

"Masabata yatatu nakala nibagwadila ati bakapimise tenti ikabwela. Banavomela. Banachapa na chitenge chao cha ku chechi. Manje imwe mwabwela na chisipika chanu, mwakamba vonse vamene bamvela mu tupi, pamenso pa bantu. Beve baganiza ati ndine ninakuuzani. Baganiza ati munali kukamba beve."

"Koma ine sininazibe!" anatero Wenceslaus. "Elo sindine nipima. Ni ba Sisitala."

"Nanga pakomo pa tenti, wamene alemba maina ni ndani?"

Analidi Wenceslaus. Anakhala pakhomopo tsiku lonse ndi buku ndi cholembera, wokonzeka kufunsa mzimayi aliyense dzina, zaka, ndi tsiku limene anasamba komaliza.

"Banituma mau," anatero Lushomo, misozi ikutsika osaipukuta. "Bakuti, 'Nife chabe na matenda yanga, kusiyana na kuti mupongozi wanga azibe vili mukati mwa chitenge changa.' Elo mubaziba ba mami. Bakakamba, bakamba."

Wenceslaus ndi amene ankadziwa bwino kuposa onse tanthauzo la magazi amene amabwera mzimayi atasiya kale kusamba. Ankadziwa kuti matendawa sadikira munthu kuti manyazi athe. Anakumbukira mlamba wowamba umene apongozi ake ankamutumizira mwezi uliwonse, wokulungidwa bwino m'nyuzipepala, popanda mawu, chifukwa mawu pakati pawo anali oletsedwa. Mayi ameneyo ankamukonda mwakachetechete, ndipo iye anamubwezera ndi chimkuzamawu. Anachita manyazi, koma mantha ndi amene anakula.

M'mawa mwake anakafika ku kiliniki asanatsegule n'komwe. Kwa Sisitala Joyce sanatchule dzina la munthu. Anangoti, "Ba Sisitala, nalakwa. Kuli muzimai wamene angafe chifukwa cha ine. Nichite bwanji?"

Sisitala Joyce anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanafunse kuti ndani.

"Safunsa anadya phula," anatero. "Tiye tikafunse. Chisipika usiye. Na malaya yoyela usiye."

Anapita Loweruka masana, nsomba za m'mawa zitagulidwa. Sanapite padoko. Sisitala Joyce anamutsogolera kuseri kwa nyumba, ku chisakasa kumene amayi amawambira nsomba pa migolo yodula pakati. Kumeneko anapeza alangizi asanu, amayi amene amalangiza atsikana akatha msinkhu ndi akwati asanalowe m'banja. Mkulu wawo anali bana Timothy, mayi wamfupi, wonenepa, wa maso ofiira ndi utsi ndi pakamwa posachedwa kuseka.

Wenceslaus anakhala pansi pa dothi chapatali, nawomba m'manja.

"Ndiye uyu wa chisipika?" anafunsa bana Timothy. "Lelo mau yayenda kuti?"

Amayi onse anaseka. Wenceslaus anawerama n'kulola kuti amuseke, poti analidi woyenera kusekedwa.

"Bamai," anatero Sisitala Joyce, "ise tinabwela na chintu chabwino, koma tinangenela pa windo. Manje tabwela pa komo. Tiuzeni pamene tinalakwa."

Bana Timothy anatembenuza nsomba ziwiri kaye asanayankhe.

"Mwaona, imwe mwafunsa. Benangu babwela chabe na mamotoka, bakamba, bajambula, bayenda. Tenti yanu munaika pa doko, komo kulangana kwamene bamuna basokela maneti. Muzimai akangena, bamuna baona. Akachoka, bamulangana mwamene ayendela. Ndani angafune? Elo munabwela kuseni. Kuseni ndiye nsomba ifika. Nisiye nsomba iole, bana badye chani?"

"Na mau yaja," anawonjezera mlangizi wina, akugwira pakamwa. "Mayo! Ise ivi vintu tili na maina yake. Tivikamba mu nyumba, na ngoma, bazimai beka-beka. Sitivikambila pa musika kwati ni mutengo wa tomato."

Mayi wachitatu, amene anali asanalankhule, anafunsa motsitsa mawu: "Ni zoona ati mu tenti muja muchosa chibalilo?"

Apa Sisitala Joyce anasendera pafupi. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti m'tenti sachotsa chiberekero cha munthu. Namwino wamkazi amangoyang'ana khomo la chiberekero atapakapo mankhwala onga viniga, ndipo sizitenga nthawi. Matendawa amayamba mwakachetechete, munthu osamva kupweteka kulikonse, n'chifukwa chake ngakhale wodzimva kuti ali bwino ayenera kuyezetsa. Kachilonda kakapezeka kakadali kakang'ono, nthawi zambiri amakathana nako tsiku lomwelo. Koma amene akutaya magazi mosadziwika bwino, makamaka atasiya kale kusamba, ameneyo asachedwe ngakhale pang'ono, ndipo angafunike kutumizidwa ku chipatala chachikulu.

"Mau musanke mweka," anatero Sisitala Joyce. "Nyimbo muimbe zanu. Koma choonadi tisachepese. Muzimai azibe ati aya matenda yapaya, elo azibe ati yakapezeka musanga yapola."

"Ivo tizakwanisa," anayankha bana Timothy.

"Kuli na chinangu. Wamene bamuchilisa kachilonda afunika kupumula masabata yangapo, osagona na mwamuna."

Amayi aja anayang'anana. Bana Timothy analoza Wenceslaus ndi mpeni wopalira nsomba.

"Iyo ni nchito yako iwe. Bamuna bakambisane beka. Koma kopanda chisipika."

Anagwirizana kuti tenti idzaikidwe kuseri kwa tchalitchi, mkati mwa mpanda wa bango umene amayiwo adzamange okha. Tsiku lidzakhale Lachinayi, kuyambira masana. Wolemba mayina adzakhale mzimayi. Alangizi adzayenda khomo ndi khomo, ndipo Lachitatu adzasonkhanitsa amayi m'nyumba ndi ng'oma.

Asananyamuke, Wenceslaus anatulutsa nkhuku yoyera imene anabwera nayo m'thumba la saka. Anapempha bana Timothy kuti akaipereke kwa apongozi ake, akapepese m'malo mwake chifukwa cha zimene analankhula pamaso pawo.

Bana Timothy anailandira, naiyeza kulemera ndi dzanja. Nkhope yawo inafewa.

"Nkuku nizapeleka. Koma mvela, mwana wanga. Iwe unakwatila mwana wa pano. Suli mupongozi wa bana Lushomo beka. Ise bonse ba msinku wao ndise bapongozi bako. Ukankala mbali ino ya mulonga pa siku ija, bakulu-bakulu sibazapondako."

"Nizankala ku Kafue, bamai. Sinizabwela."

"Bazaziba bwanji? Bazaganiza uli mu motoka, olo wabisala kumbuyo na buku yako. Menso yafuna kuona. Uyende bonse bakuona."

Wenceslaus anayang'ana kumene mayiyo ankaloza. Kunali mtsinje wa Kafue, wotambalala, wodekha, mabango ali ngwee kutsidya. Tsono pali chinthu chimodzi chimene sitinanene. Mnyamatayu anabadwira m'tauni ya dzina la mtsinjewu, koma phazi lake linali lisanapondepo m'bwato. Kusambira sankadziwa. Mtsinje ankaudziwira pa mlatho, ali m'basi, ndipo ngakhale pamenepo ankayang'ana kutsogolo.

"Nizayenda," anatero.

Lachiwiri anakumana ndi amuna pamene amasokera maukonde. Sanaime pa chinthu chilichonse. Anakhala pa mchenga, napempha kuti amuphunzitse kusoka, ndipo anasoka moipa kwambiri moti asodzi anamulanda ukondewo asanauwononge. Atatha kuseka, anawauza nkhani ija motsitsa mawu, ngati amuna okhaokha. Ena anang'ung'udza za masabata odikira aja. Koma msodzi wina wa imvi, dzina lake Obed, anawadula.

"Pa Disemba boma ikalesa kugwila nsomba mu mulonga, timayembekeza myezi itatu kuti nsomba ibale," anatero Obed. "Manje mukazi wako sungamuyembekeze masabata? Nsomba yapambana mukazi?"

Ndipo Obed yemweyo ndi amene anadzipereka kuti adzamuwolotsa Wenceslaus.

Lachinayi masana doko linadzaza kuposa tsiku la chimkuzamawu. Mbiri inali itamveka kuti mkamwini wa bana Lushomo akukwera bwato. Wenceslaus anafika atavala jekete loyandamitsa lofiira limene anabwereka, atalimanga mpaka m'khosi. Atangoponda m'bwato, bwatolo linapendama, iye n'kukhala pansi mwadzidzidzi, manja onse awiri atagwira m'mbali. Anthu anafa nacho chiseko. Boyd, amene anaimika galimoto patali monga anauzidwira, anangogwira kumutu.

"Osagwila maningi, muzapwanya bwato yanga," anatero Obed akupalasa. "Langanani chabe kusogolo. Mvuu zili kutali lelo."

"Zili kutali bwanji?"

"Kutali pang'ono."

Wenceslaus anatseka maso n'kuyamba pemphero la Tikuoneni Mariya. Koma pakati pa mtsinje anakumbukira chimene anakwerera bwatolo. Anatsegula maso, naumiriza msana wake kuwongoka, kuti aliyense woyang'ana kuchokera kumtunda aone bwino kuti jekete lofiira lija likupitadi.

Anakocheza pa kachilumba ka mchenga pafupi ndi tsidya lina. Kuchokera pamenepo Chanyanya inkaoneka yaing'ono: madenga, utsi, mtanda wa tchalitchi, ndi mpanda watsopano wa bango. Kwa nthawi yaitali panalibe chimene chinachitika. Wenceslaus anakhala pa mchenga n'kumadikira. Bwanji ngati wadzisekeretsa pachabe?

Kenaka kunamveka ng'oma, chapansipansi, ikuyenda pamwamba pa madzi. Mzere wa zitenje unatuluka pakati pa nyumba, alangizi ali patsogolo. Wenceslaus anayamba kuwerenga amayiwo, koma atafika pa makumi atatu anasokonezeka.

Obed anayatsa kamoto n'kuotcha nsomba ziwiri. Akudya anati, "Mukazi wanga anayenda na matenda yamene aya. Zaka seveni manje. Anataya magazi chaka chonse. Ine ninagulisa maneti kupeleka ku ng'anga, ninaganiza ni bantu banamuloza. Sananiuze bwino-bwino, naine sininafunse. Nsoni." Anatafuna kaye. "Ndiye chifukwa nakupalasila."

Wenceslaus anangogwira dzanja la mkuluyo, lokhakhala ngati chingwe cha ukonde.

Dzuwa litayamba kufiira, mzere uja unatha. Kumpanda kunalibenso wolowa. Wenceslaus anali atayang'anitsitsa aliyense, ndipo ngakhale nkhope sizinkaoneka, ankadziwa kuti amene ankamuyembekezera sanadutse. Anaganiza za Lushomo, ndi zimene adzamuuze madzulo.

Ndiye anaona anthu awiri akutuluka kuseri kwa nyumba ya malata, akuyenda pang'onopang'ono. Mmodzi anali wamfupi, wonenepa. Winayo anali wamtali, woonda, atavala chitenje cha kutchalitchi. Atafika pakati pa njira, wamtaliyo anaima, natembenukira kumtsinje, dzanja lili pamphumi, akufunafuna.

Wenceslaus anaimirira kuti jekete lofiira lioneke. Kenaka anachita chimene mkamwini amachita. Anatembenuka, napereka msana ku Chanyanya, n'kunjuta pa mchenga, maso ali ku mabango.

Anakhala choncho mpaka miyendo inachita dzanzi.

"Bangena," anatero Obed motsitsa.

Wenceslaus analira ngati mwana, ndipo Obed anakhala ngati akukonza nkhafi.

Tsiku limenelo Sisitala Joyce anayeza amayi mpaka kuwala kunatha, ndipo otsala anawalembera Lachinayi lotsatira. M'galimoto Boyd anati, "Ine ninali kuziba ati aba bantu balibe vuto." Sisitala Joyce anangomuyang'ana, iye n'kuyatsa wailesi.

Sabata yotsatira Lushomo analongedza bulangete, fulasiki ndi beseni laling'ono.

"Tiyenda ku Lusaka na ba mami," anatero. "Kukaona chabe ba anti."

Wenceslaus ankadziwa kuti ku Lusaka kulibe anti aliyense. Ananyamula chikwama mpaka pa siteshoni, naima kuseri kwa basi kuti apongozi ake akwere momasuka. Ulendo wa kwa anti unachitika kanayi, ndipo womaliza unatenga masabata atatu. Tsiku lina mantha atamukulira anafunsa Sisitala Joyce, koma iwo anati, "Va odwala banga sinikamba, olo kuli iwe. Bazimai banamanga mupanda wa bango, manje ufuna kusuzumila?" Anafunsa Lushomo, iye anati, "Banilesa. Bakuti bazakamba beka." Wenceslaus sanamvetse. Adzalankhula bwanji okha, anthu amene chikwatirire sanalankhulanepo?

Linali Lamulungu lina mu Novembala, mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana, pamene anaitanidwa ku Chanyanya. Anamuikira kampando pansi pa mtengo wa mango, koyang'ana kumtsinje. Apongozi ake anakhala pa mphasa pakhonde, atamupatsa msana. Pongowaona m'mbali mwa diso anazindikira kuti aonda kwambiri. Lushomo anapereka Jasmine m'manja mwa agogo ake, iye n'kulowa m'nyumba.

Kenaka bana Lushomo anayamba kulankhula ndi mwanayo, amene anali ndi mano awiri okha ndipo mawu amene ankadziwa anali "tata" basi. Koma analankhula mokweza ndithu, moti mawuwo ankafika pansi pa mango.

"Jasmine, iwe. Ubauze batate bako ati madokota ku Lusaka banachosa chamene chinali kunidya. Bakuti sembe ninachedwa myezi ingapo, sembe ni nkani inangu. Bakuti nizibwela ku sikelo yanga naine, kwati iwe, kuti bazinionako."

Jasmine anakoka mkanda wa agogo ake n'kuuika m'kamwa.

"Ubauze ati ninabaona mu bwato. Banagwilila kwati ni pusi pa mutenge wa nyumba." Mapewa a mayiyo anagwedezeka ndi kuseka, kenaka mawu anasintha. "Ubauze ati ninabaona na pa muchenga paja, pamene banapindamuka na kunipasa musana. Muntu wamene ayopa manzi so, anayenda pa manzi chifukwa cha ine. Ine ninabala mwana umozi chabe, mukazi. Ubauze ati manje nili na babili."

Wenceslaus anatsika pa kampando n'kugwada pa dothi. Anawomba m'manja katatu, pang'onopang'ono.

"Jasmine," anatero, "ubauze bambuya bako ati namvela. Ubauze ati ni beve bazakupeleka ku sukulu siku yoyamba."

"Ubauze ati nizamupeleka," anayankha bana Lushomo.

Jasmine anayang'ana agogo ake, nayang'ana bambo ake, osadziwa kuti wanyamula uthenga wotani. Madontho oyamba a mvula anayamba kugwa pa malata, koma panalibe amene anasuntha. Pobwerera ku Kafue madzulo amenewo, m'chikwama cha Lushomo munali mlamba wowamba, wokulungidwa bwino m'nyuzipepala.

Phunziro: Uthenga wa zaumoyo, ngakhale ukhale woona chotani, suthandiza ngati walowera pakhomo lolakwika. Musanayambe ntchito pakati pa anthu, khalani pansi muwafunse: alankhule ndani, alankhulire kuti, nthawi yanji, ndi mawu otani. Kulemekeza mwambo sikubisa choonadi ayi, koma kuchipezera njira yoti chifike kwa amene akuchisowa. Ndipo inu amayi, musalole manyazi akutsekereni pakhomo la chipatala. Kayezetseni khansa ya khomo la chiberekero ngakhale musakumva kupweteka, ndipo mukaona magazi osadziwika bwino, pitani msanga. Abambo, aperekezeni ndi mtima wonse, ngakhale kuperekeza kwake kutakhala kuwapatsa mpata.